Masiku Atatu a Mdima pa Thanki ya aNankhoma

Loweruka lapitali tinali ku Nsaru, kumudzi kwa aNankhoma, poti chaka chakwana chimwalirire ndipo ana awo amawamangira chiliza. Olankhula analankhula. Wina anati anali mayi wolimbika kumpingo, wina anati analera ana atatu amasiye a mng'ono wawo, wina anatchula mbuzi zimene anasiya. Zonsezo n'zoona. Koma ine, ndili khale pamphasa ya amayi mwana ali pamiyendo, ndinkangodikira kuti wina atchule ndere. Palibe anatchula. Kumudziko amangodziwa kuti ankagwira ntchito kwa dokotala wa mano ku City Centre, ndipo ambiri amayesa kuti ankakolopa. Wokolopa ndinali ine. Iwo ntchito yawo inali yosunga nyanja yamchere, imene sanaiwonepo ndi maso chibadwire.

Pachipatala cha manocho, m'chipinda chodikirira odwala, muli thanki ya galasi yaitali ngati bedi la munthu mmodzi, yokhala pa miyendo yachitsulo. Madzi ake ndi amchere. Nsomba zake si zakwathu kuno; chambo mutachiponyamo sichingafike masana. Thankiyo inayamba ili ya azungu ena ku Area 10, kumene aNankhoma analowa ntchito ya m'nyumba ali mayi wa ana awiri. Mkazi wa mzunguyo ndiye anawaphunzitsa, theka ndi mawu, theka ndi manja. Azunguwo atabwerera kwawo, thanki inapita kunyumba ina ku Area 15, kenako aDokotala anaitenga. Konseko aNankhoma ankatsatira. Ankanena okha kuti aliyense wonyamula thankiyo ankazindikira atafika kale kunyumba kuti wanyamulanso nkhalamba, ngati ndowa ya pachitsime ndi chingwe chake.

Nsomba zinalimo zitatu zokha. Ziwiri zofiirira ngati lalanje lakupsa, zokhala ndi mzere woyera pakhosi, ankazitcha aBusa ndi amayi busa. Yaikulu ndi yolusa inali amayi busa, ndipo aNankhoma ankati n'chimodzimodzi kumipingo yambiri, anthu sadziwa chabe. Yachitatu, yachikasu yaphanthiphanthi, inali Nthochi. Munalinso nkhono zingapo zimene ankazitcha aganyu, poti tsiku lonse zimangoyenda pagalasi n'kumanyambita ndere.

Ine ndinawadziwa bwino sabata yanga yoyamba, ndipo ndinawadziwa moipa. Ndinali nditangolembedwa kumene, ndikufuna kuonetsa kuti ine Nabanda sindisiya litsiro. Ndinaona pagalasi lakumbuyo, mkati, pali zinthu zapinki zouma ngati laimu, zitakuta malo aakulu ngati mbale. Iwo atatuluka kukatenga madzi, ndinapinda malaya, kupisa mkono, n'kuzipala ndi lezala mpaka galasi linati mbee. Atabwera anaima. Sanakalipe. Anatula ndowa pansi, kupukuta manja pa epuloni, n'kundifunsa kuti mwana wanga Tadala ali ndi zaka zingati.

“Chimodzi ndi miyezi inayi, amayi.”

“Zimene wapalazi zinali ndi zaka zisanu,” anatero. “Ndiye kuti wameta mkulu wake wa Tadala.”

Tsiku limenelo ndi limene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndere si mtundu umodzi, monga bowa sali mtundu umodzi. Sankadziwa mayina a m'mabuku, ndipo mabotolo oyezera madzi olembedwa Chingerezi ankangowadziwira ku mitundu imene madzi asintha. Iwo ankagwiritsa diso, chala ndi mphuno. Zabulauni, zokhala ngati fumbi la mu Okutobala, zochoka ukangokhudza, ankati zimenezo ndi za madzi a pampopi: zikatuluka ndiye kuti wina wachita ulesi wotunga madzi oyenera. Zobiriwira zazitali ngati ndevu zimamera chakudya ndi kuwala zikachuluka, ndipo mankhwala ake ndi dzanja: uzikulunge pa mswachi n'kuzula. Pali timikanda tobiriwira tonyezimira tomera m'ming'alu ya miyala, tokongola moti umafuna kutiphulitsa. Ankati ukaphulitsa kamodzi wafesa munda, koma uzikanyamula kathunthu ndi chikhadabo. Zapinki zija ndi zabwino, zimangomera m'madzi okondwa, ndipo pamene zagwira zoipa zimasowa pogwira. Koma zofiira zonanda, zoyala pamchenga ngati bulangete, zokhala ndi timathovu pamwamba, zonunkha ngati chithaphwi, zimenezo ankazitchula motsitsa mawu. Ankati si ndere zenizeni, ndi chinthu china chongobwereka zovala za ndere.

Chiphunzitso chawo chachikulu chinali chakuti ndere si matenda, ndi mboni. Sizinama ndipo sizimva chisoni. Lolemba m'mawa ankayang'ana galasi kamodzi n'kudziwa amene anasiya katani yotsegula Loweruka. N'chifukwa chake sankakhulupirira mankhwala a m'botolo opha ndere. Ankati kupha mboni sikuthetsa mlandu.

Anali ndi miyambo yawo imene sinkasintha. Ankafika isanakwane seveni kuchokera ku Kawale, kuvula nsapato zakunja, kusamba m'manja mpaka m'zigongono ndi madzi okha, popanda sopo, poti sopo ndi mafuta odzola n'chiphe m'thankimo. Zaka zonsezo aNankhoma sanadzolepo mafuta m'mikono tsiku la ntchito; mikono yawo inali yotuwa ngati ya munthu woumba njerwa, ndipo sankachita nayo manyazi. Pagalasi la m'mbali anajambula kamzere ndi utoto wa m'zikhadabo. Madzi akatsika kupyola pamenepo ankawonjezera opanda mchere, ochokera ku makina oyeretsa madzi otsukira zitsulo za mano. Nditafunsa kuti bwanji osathira amchere, anandiyankha ndi funso: ndiwo zikaphwera pamoto, umathiramo madzi kapena mchere wina? Mchere wake unali wapadera, wobwera m'zidebe kuchokera kunja, ndipo mlonda wina atanena kuti wa kumsika ndi womwewo anakhala sabata osapatsidwa moni. M'madzi atsopano ankasungunuliramo mchere dzulo lake, kulawa ndi nsonga ya lilime, kenako n'kuponyamo kachipangizo koyandama koyezera mchere. Ankati akukayesa ngati kakugwirabe ntchito.

Ndi aDokotala ankakangana za nyali. ADokotala ankafuna iziyaka kuyambira m'mawa mpaka kutseka kuti odwala aziona nsomba bwino. ANankhoma ankaipatsa maola asanu ndi atatu, osaposa. Wina akayatsa, wina ankazimitsa podutsa, onse osayang'anana, kwa zaka. Koma mkangano wawo wokoma unali ndi Che Adamu, mmisiri wodula magalasi wa ku Old Town kufupi ndi mzikiti, amene ankabwera kudzamata m'ngodya mukayamba kuchucha. Che Adamu ali mnyamata anagwirapo ntchito kudoko la Nacala, ndipo sankalola kuti aNankhoma aiwale zimenezo.

“Mayi, inu mukusunga chithunzi cha munthu amene simunakumane naye,” ankatero. “Nyanja yamchere ine ndasambamo. Iyi ndi supu.”

“Munasambamo, nanga inatsala bwanji?” ankayankha iwo. “Matani galasi, Che Adamu. Zam'kati n'za eni ake.”

Tsopano ndifike pa nkhani imene inandichititsa kulemba. Chinali chaka changa chachiwiri pantchitopo, mwezi wa Juni. Mlongo wawo wa aNankhoma anadwala kwambiri ku Nsaru, ndipo anapita kukadwazika. Anati akhala sabata imodzi, koma zinakwana zitatu. Asanapite anandisiyira malamulo atatu: chakudya kamodzi pa tsiku, chokwana pa chikhadabo cha chala chaching'ono, katani yotseka, madzi a kumakina mpaka pakamzere.

Vuto la nsomba zimenezi n'lakuti munthu akangoyandikira zimabwera pagalasi, kukamwa kuli yasaa. Ndipo ife tinaleredwa kuti sudya mlendo akukuyang'ana. AThoko, mtsikana wolandira odwala padesiki, ankadya mandasi ake teni koloko amayi busa ali maso pa iwo. Mtima unkawapweteka, n'kutsina kachakudya kuponyamo. Alonda akamamwa tiyi, chimodzimodzi. Akazi awo a aDokotala akabwera masana, chimodzimodzi. Aliyense ankayesa kuti ndi iye yekha wachifundo. Inenso Tadala akaloza n'kunena kuti zikupempha, ndinkawonjezera. Ndiye kuzizira kwa Juni kuja, ndinaganiza kuti zamoyo zonse zimafuna kuwothera dzuwa, n'kumatsegula katani m'mawa, kuiwala kuti m'thankimo muli kale kachitsulo kotenthetsa madzi. Makina a madzi atavuta masiku anayi, ndinatunga pampopi. Madzi ake ankaoneka oyera, amene timamwa tonse.

Pofika sabata yachitatu galasi linali labulauni, miyala itamera ndevu, ndipo mchenga wonse utafunda bulangete lofiira lija. Ndinkapukuta m'mawa, masana zabwereranso. Nkhono ziwiri zinafa. Nthochi anasiya kutuluka kuseri kwa mwala. Fungo linayamba kumveka ukangotsegula chitseko. Tsiku lina kamtsikana kena kodikira kuzulidwa dzino kanayang'ana m'thankimo n'kukuwa kuti muli magazi a anthu ozulidwa mano. Kanalira mpaka mayi ake anakanyamula n'kutuluka nako, osabweranso. Madzulo ake aDokotala anaimbira foni Che Adamu kuti adzaphwasule thankiyo, magalasi akachite nawo zimene akufuna, pamalopo paikidwe wailesi ya kanema. Za nsomba anati aona. Tonse tinkadziwa kuti mu Lilongwe muno kupeza wina wa madzi amchere woti azilandire n'kovuta, ndipo thanki ikachoka aNankhoma alibenso chodzera m'tauni. Che Adamu anati ali ndi mawindo a sitolo ina, abwera Lachisanu pakatha sabata ziwiri.

ANankhoma anafika Lolemba, atasiya mlongo wawo akuyamba kudya. Analowa ndi chikwama chawo m'manja, naima kutsogolo kwa thanki nthawi yaitali. Ine ndinali kumbuyo kwa mopu, ndikufuna pansi patseguke. Anasamba m'manja, kupisa chala, kunyamula kachidutswa ka zofiira zija, kununkhiza. Kenako anayamba kuwerenga ngati kalata.

“Zabulaunizi ndi mpopi, Nabanda. Ndevuzi zapendekera kuwindo, ndiye kuti katani. Iwenso.” Anatembenukira kudesiki. “Zofiirazi ndi chakudya. Dzanja limodzi silingafikitse apa. Ndani winanso?”

AThoko anakweza dzanja pang'ono ngati kusukulu. Alonda anali pakhomo, anangovula chipewa.

“Agogo, zimaoneka zanjala,” anatero aThoko.

“Nsomba ilibe chikope, mwanawe, ingaphethire bwanji kuti yakhuta? Mwazidwalitsa ndi ulemu.”

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anati kupepesa ndikachitire kunyumba, pano ndikatenge ndowa ziwiri ndi paipi. Kenako analowa kwa aDokotala, chitseko osatseka.

“Amayi, sindikukana kuti mwaisamala zaka zambiri,” anatero aDokotala. “Koma pano m'pachipatala. Munthu akaona thanki yauve aganiza kuti zitsulo zimene ndikumulowetsa m'kamwa n'zauvenso.”

“Mwanena zoona.”

“Ndiye mukuona.”

“Che Adamu abwera liti?”

“Lachisanu la sabata yamawa.”

“Musawaletse. Abwere ndi zida zawo. Akapeza zofiira ngakhale pongakwane chala, ndiwathandiza ndekha kumasula. Koma kufikira tsikulo, nyali ndi chitini cha chakudya n'zanga.”

ADokotala anavomera, ndikuganiza chifukwa choti panalibe chimene akanataya.

Ntchito ya masiku amenewo sinali ndi chodabwitsa chilichonse. M'mawa uliwonse ankayamwa paipi ndi pakamwa mpaka madzi ayambe kuyenda, n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono pamwamba pa mchenga, zofiira zikusendeka ngati khungu la pa mkaka wophitsa n'kugwera m'ndowa. Ndowa imodzi yokha pa tsiku, n'kubwezeramo madzi atsopano osungunula dzulo. Ndinawafunsa kuti bwanji osangotaya onse kamodzi, kutsuka miyala n'kuyambiranso. Anati m'madzi akalewo ndi m'miyalamo muli tizamoyo tosaoneka timene timadya zonyansa za nsomba. Ukatsuka zonse watulutsa eni mudzi n'kusiya alendo okha. Ine ndinkazula ndevu ndi mswachi womangirira ku kamtengo, poti miswachi pachipatala cha mano siisowa. Iwo anachapa masiponji a m'sefa, natembenuza pampu kuti iziuzira kungodya kumene madzi ankangoima. Chitini cha chakudya chinkakhala m'thumba la epuloni yawo, ndipo ankapita nacho ku Kawale.

Ndevu zinagonja. Zabulauni zinagonja. Koma zofiira zija ayi. M'mawa mchenga woyera, pofika masana wayambanso kufiira m'ngodya. Sabata inatha choncho. Lolemba lachiwiri, kutatsala masiku anayi, ndinawapeza atakhala pa kampando kawo kakafupi, chibwano chili m'manja. Atandiona anadzuka n'kulengeza kuti mawa mkazi aliyense wa pachipatalapo abwere ndi chitenje, chokhuthala, osati chonyezimira cha kuukwati.

Lachiwiri m'mawa anapopa zofiira komaliza, kudyetsa nsomba pang'ono, kuzimitsa nyali, n'kukuta thanki yonse ndi zitenje zisanu ndi chimodzi, za kumpingo, za kuchikondwerero, china cha akazi awo a alonda, ndi kabulangete ka Tadala pamwamba. Anapana m'mbali ndi zopanira zovala, kungosiya mpata kumbuyo woti mpweya uzilowa. Pampu inatsala ikulira mkati. Anati zofiirazi zimadya kuwala, ndipo masiku atatu a mdima weniweni sizingawapirire, pamene nsomba zingathe. Masiku atatu osasuzumira, osadyetsa.

“Agogo, imeneyi ndiye nkhanza, siliyasi,” anatero aThoko. “Masiku atatu osadya?”

“Zinadyeratu kwa inu za mwezi wonse,” anayankha, n'kukoka kampando kawo kukhala kutsogolo kwa zitenjezo.

Tangoganizani mukulowa m'chipinda, n'kupeza chinthu chachitali ngati munthu wogona, chokutidwa ndi zitenje, mayi wachikulire atakhala pambali pake ali duu. Odwala ankalowa akulankhula n'kungoti zii. Amayi ena ankagwada pang'ono podutsa. Bambo wina wachikulire, tsaya litatupa, anavula chipewa n'kuwerama.

“Pepani, mayi. Atisiya ndani?”

“Sanatisiye. Ndi amene tikudikira kuti atisiye. Khalani apo, aDokotala akuitanani.”

Lachitatu aDokotala anatuluka pakati pa odwala awiri, nayandikira mwakachetechete n'kugwira ngodya ya chitenje. ANankhoma sanadzuke n'komwe.

“ADokotala, mukazula dzino mumamuuza chiyani munthu za lilime?”

“Kuti asamagwiregwire pabalapo.”

“Eya.”

ADokotala anasiya chitenje, kubwerera akuseka okha.

Koma ine ndinkaona zimene ena sankaona. Chipinda chikakhala chopanda anthu ankaika khutu pachitenje, kenako mphuno. Anandiuza motsitsa mawu kuti njira imeneyi anaichitapo kamodzi kokha, kalekale ku Area 10, ndipo nsomba imodzi inafera mumdimamo iwo osadziwa. Zofiirazi zikamafa zimawononga mpweya wa m'madzi. Anati aBusa ndi amayi busa akhala nawo zaka zoposa khumi, kuposa mmene anakhalira ndi ena mwa ana awo pakhomo. Anangonena zimenezo basi, n'kundituma kukakolopa kukhonde.

Lachinayi masana magetsi anazima. Jenereta ya pachipatalapo inkangokwanira mpando wa aDokotala ndi nyali yawo, ndipo munali munthu pampandopo, kukamwa kuli kotsegula. Pampu inati zii. ANankhoma anatenga jagi, kulowetsa mkono pansi pa zitenje osayang'ana, n'kuyamba kutunga madzi kumawathira kuchokera m'mwamba, kutunga n'kuthira, kuti mpweya uzilowa. Mkono utatopa ndinalandira ine, Tadala ali kumsana. Nditatopa ine, aThoko anavula wotchi ndi zibangili, kusamba m'manja popanda kuuzidwa, n'kulandira. Alonda anabweranso. Aliyense wa ife pantchitopo amene anadyetsa nsomba zija anatunga madzi tsiku limenelo, maola awiri ndi theka, mpaka magetsi anayaka. ANankhoma anati aka ndi koyamba kuona chindapusa chikulipidwa popanda bwalo.

Lachisanu Che Adamu anafika eyiti koloko ndi bokosi la zida, galimoto yonyamulira ili panja. Ataona zitenje anaima pakhomo.

“Mayi, mwaikiratu maliro ine ndisanafike?”

“Khalani pansi, Che Adamu. Munthu amene anasamba m'nyanja sathamanga.”

Che Adamu anakhala pabokosi lawo. ADokotala anatuluka, magolovesi ali m'manja. Odwala atatu amene analipo anaiwala mano awo. ANankhoma anayamba ndi kabulangete, kukapinda bwinobwino n'kundipatsa. Kenako chitenje choyamba, kuchipinda pakati, pakatinso, n'kuchipereka kwa mwini wake ndi manja awiri, n'kuthokoza. Chachiwiri chimodzimodzi. ADokotala anayang'ana wotchi kawiri. Iwo sanafulumire. Chomaliza chinali chawo, chakale cha kumpingo.

Poyamba ndinayesa kuti madzi atayika, chifukwa sankaoneka. Miyala inali ngati yaima pamphepo. Mchenga unali woyera kuchokera ngodya iyi mpaka iyo, kungotsala tizinyenyeswa takuda tochepa timene paipi inadzatola pambuyo pake. Aganyu anali pagalasi, ali pantchito. Nyali sanayatse, anati maso a nsomba azolowere kaye. ABusa anatuluka pansi pa mwala, amayi busa pambuyo pawo n'kuwakankha kuti apatuke. Koma Nthochi ayi.

Tinadikira. ANankhoma anagwada, nkhope pafupi ndi galasi, n'kugogoda kawiri ndi chikhadabo pa chitini cha chakudya m'thumba mwawo. Kuseri kwa mwala waukulu kunatuluka kanthu kotuwa ngati pepala. Ndinati wadwala. Koma anazungulira kamodzi, kawiri, ndipo ife tikuona chikasu chinayamba kubwerera m'thupi mwake, mpaka anakhala Nthochi yemwe uja.

“Amatero akagona,” anatero aNankhoma. Anadzuka, mawondo akulira, n'kutembenukira kwa mmisiri. “Fufuzani, Che Adamu. Pongakwane chala.”

Che Adamu anavala magalasi a maso, kuzungulira thanki mbali zonse, kuwerama, kusuzumira kuseri kwa miyala. Anabwerera pabokosi lawo n'kukhala, maso ali m'madzi, nthawi yaitali ndithu. Kenako aNankhoma anafunsa funso limene sindinawamvepo akufunsa, ndipo analifunsa opanda nthabwala.

“Ku Nacala kuja, ndi chonchi?”

Che Adamu anakanda ndevu zawo.

“Kutali ndi doko, m'mawa, mphepo isanadzuke, ukasuzumira pansi uli m'bwato, ndi chonchi.” Analoza thankiyo. “Koma kumeneko kulibe wokolopa. Yanuyi yaposa pang'ono.” Anatembenukira kwa aDokotala. “Bwana, galasi ili sindidula. Mukafuna itanani wina, koma osati wa ku Old Town, ndikawauza onse.”

ADokotala anaseka mpaka kuvula magolovesi. Anati wailesi ya kanema ija ikapachikidwa kukhonde. Kenako anapita okha pa switchi ya nyali, kuika chala, n'kuyang'ana aNankhoma.

“Naini koloko,” anatero iwo. ADokotala anachotsa chala.

Tsiku lomwelo aNankhoma anauza aThoko kuti alembe chikalata cha zilembo zikuluzikulu n'kumata pagalasi. AThoko anafuna kulemba kuti n'koletsedwa kudyetsa nsomba. ANankhoma anakana. Anati Mmalawi ukamuletsa kupatsa amapatsa mobisa. Umuyankhe mmene mlendo waulemu amayankhira. Chikalatacho chinalembedwa kuti: “Zikomo, tadya kale.” Kuyambira tsiku limenelo palibe anaponyamonso kanthu.

ANankhoma anagwira ntchito zaka zina ziwiri, zofiira osabweranso. Miyendo itayamba kutupa anayamba kundisiyira paipi, iwo akuloza ali pakampando. Tsiku limene ana awo anadzawatenga kupita nawo ku Nsaru, anatulutsa chitini m'thumba la epuloni n'kuchiika m'thumba langa. Nditakawaona komaliza anali ofooka kwambiri, koma atandizindikira anafunsa kuti zapinki zija zafika pati pamalo ndinapala paja. Ndinawaonetsa ndi zala, kukula ngati chivundikiro cha kapu. Anatseka maso n'kunena kuti mkulu wake wa Tadala tsitsi lamera.

Lero m'chipinda chodikiriramo mipando inasinthidwa, khoma linapakidwa utoto wina, koma pakati pa thanki ndi windo pali malo amene sipaikidwa kanthu. Kampando kakafupi kali pomwepo, mwendo umodzi womanga ndi waya. Odwala akadzaza amaimirira, koma palibe amakakoka, ngakhale amene sanawadziwe. Pamsomali pali mswachi wa ku kamtengo ndi jagi ija. Kamzere ka utoto wa m'zikhadabo kanayamba kufufutika, ndipo aThoko anakabwereza pamwamba pomwepo, osasuntha ngakhale pang'ono. Nyali imayaka naini koloko. Amayatsa aDokotala okha, atayang'ana wotchi. Pansi, kutsogolo kwa kampandoko, simenti inasalala malo awiri pamene pankaponda mapazi opanda nsapato, ndipo ndikamakolopa mopu imadutsapo mosavuta kuposa pena paliponse. Isanakwane seveni m'mawa amayi busa amabwera kungodya imeneyo n'kuima, kuyang'ana pamwamba pa kampando. Kumbuyo kwawo galasi lonse, kuchokera pamchenga mpaka pakamzere, ndi lapinki.